Pemphero la amishoni athu amene akubwera kudzationa Khirisimasi isanafike

Abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene uthengawu wakupezani, kaya ndi pa Boma pano, ku Namwera, ku Malindi, ku Makanjira, ku Monkey Bay kapena ku Joni komwe, siyani kaye zomwe mukuchitazo tigwade limodzi. Amene muli ndi wanu wotumikira Mulungu kunja kwa dziko lino, muzimutchula dzina mumtima pamene ine ndikupempherera anga.

Atate wathu wakumwamba, ndinu amene munauza Abrahamu kuti atuluke, asiye dziko la kwawo ndi abale ake. Ndinunso amene munauza Yakobo, atatha zaka 20 kwa Labani, kuti anyamuke abwerere kwawo. Kutuma ndi kwanu, kubweza ndi kwanunso. Landirani ulemu.

Tikukumbuka, Ambuye, kuti ife a kuno tinayamba ndi kulandira. Mu 1875 Ilala yoyamba ija inakwera mtsinje wa Shire uno, kudutsa pompano, n'kukaima ku Cape Maclear ili ndi a Robert Laws ndi anzawo. Ena mwa iwo malungo anawatenga, manda awo alipo mpaka lero kufupi ndi mudzi wa Chembe, ndipo pamene mishoni inkasamukira ku Bandawe mu 1881, wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Munatumanso William Koyi, munthu wakuda ngati ife, kuchokera ku South Africa mu 1876, ndipo anakagona ku Njuyu, kutali ndi kwawo. Onsewo anali ana a eni. Kumene anachokerako kunali amayi odikira kalata, kunali alongo otsala ndi makolo okalamba. Ife tinadya zipatso za misozi ya anthu amene ngakhale maina awo sitiwadziwa. Lero mwatuma ana a ku Mangochi, ndipo odikira pakhomo tsopano ndife. Tiphunzitseni kudikira kwake.

Aphimbeni ndi mwazi wa Yesu onse amene ali panjira mwezi uno. Obwera pa basi kuchokera ku Johannesburg, usana ndi usiku pa mpando umodzi, Beitbridge, Nyamapanda, kutentha kwa ku Tete, mpaka chipata cha Mwanza, mngelo wanu awatsogolere pa chipata chilichonse. Otumikira ku Lichinga ndi m'midzi ya ku Niassa, olowera ku Mandimba ndi Chiponde, agwireni dzanja potsika mapiri a Chowe, poti mvula yayamba ndipo msewu ukuterera. Ndipo achimwene anga, alamu anga ndi ana awo atatu, amene akunyamuka ku Juba, ku South Sudan, kudzera ku Addis Ababa mpaka ku Chileka, ndawaika m'manja mwanu. Pasipoti isasowe, chikwama chisatsale, mwana asadwale m'ndege. Galimoto yokawatenga ipeze mafuta, Ambuye, pakuti mizere ya pa malo omwetsera mafuta m'dziko muno mukuidziwa. Zomba, Liwonde, Ulongwe, aliyense woyendetsa mwaliwiro ndi woledzera mumupatutse pa njira yawo. Salimo 121 limatitsimikizira kuti mumasunga kutuluka ndi kulowa kwathu. Kutuluka kwawo munakusunga mu 2021. Sungani tsopano kulowa.

Tsopano amayi, Ambuye. Amayi anga.

Mukudziwa kuti maso awo achita ng'ala ndipo shuga wawafooketsa. Chimvereni kuti mwana wawo afika pa 4 Disembala, tulo sakutiona. Galimoto ikangoima kumsewu, iwo: “Kodi si omwewo?” Ndimayankha kuti ayi amayi, kwatsala masiku 9. Ola lisanathe afunsanso. Tambala wamkulu uja analetsa aliyense kumukhudza kuyambira mu Ogasiti, akuti ndi wa mwana wanga. Dzulo ndinawapeza pamphasa, lichero lili pamiyendo, akusankha mpunga ndi zala poti maso sakuwathandizanso, kanjere kamodzikamodzi, kupapasa timiyala n'kumatiika pambali, akuti adzukulu okulira kunja mano awo ndi ofewa. Ndinaima pakhomo mawu atandithera. Atate, munamusunga Yakobo mpaka anakumbatirana ndi Yosefe ku Goseni. Munamusunga Simeoni mpaka ananyamula Mwanayo m'manja mwake. Asungeni amayi anga. Musawatenge sabata ino, musawatenge mwezi uno. Shuga asakwere, BP isakwere ngakhale ndi chimwemwe chomwe. Ngati maso sangaone, zala zosankha mpungazo zipapase nkhope ya mwana wawo, zikhudze ndevu zimene zachita imvi ali kutali. Ndakupemphani zambiri m'moyo wanga, zina simunandipatse ndipo ndinavomera. Koma ichi chokha, Ambuye, ichi chokha. Ndinu wachifundo, simunasinthe, simudzasintha, amene munamva kulira kwa Hana mudzamvanso kwanga.

Apa abale ndiloleni ndilape ndekha, inu mungomva.

Ambuye, ine ndine mwana wamkulu uja wokana kulowa m'nyumba phwando lili mkati, chonsecho achimwene anga sanalowerere, anapita kumunda wanu womwe. Pamene kolera inasesa boma lino kumayambiriro kwa 2023 n'kutitengera bambo, ndinali ndekha. Maliro a kolera sadikira munthu. A zaumoyo anawakulunga, kuwapopera mankhwala, tinaika tsiku lomwelo, osasambitsa, osagona pa siwa. Achimwene anaonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka, ine nditakweza foni m'mwamba pamanda, dzanja likunjenjemera. Ndipo ndinawada, Ambuye. Ndinena monga zinalili: ndinawada. Ndinati mumtima, akuphunzitsa ana a eni kulemekeza atate ndi amayi awo, pamene wochapa zofunda za bambo awo omwe ndine. Nyanja itasefukira mu 2024 madzi n'kulowa m'nyumba ya amayi, wowabereka kumsana kukwera nawo kumtunda ndinali ine. Kutchalitchi akamawerenga kalata ya achimwene anthu n'kumaomba m'manja, anga ankalemera ngati mwala. Zaka pafupifupi zitatu ndakhala ndikuyankha mauthenga awo ndi mawu awiri okha, “Tili bwino,” iwo akudziwa kuti sitili bwino. Ndavala yunifomu ya Mvano sabata ndi sabata, ndayendera odwala, ndaimba pa maliro a anthu ena, mkwiyo uli khale pachifuwa. Ndikhululukireni. Ndikhululukireni, Atate. Uchotseni asanafike. Ndisawalandire ndi mano oyera mtima uli bii. Mutipatse madzulo amodzi, ana atagona, tikhale awiri pakhonde, ndiwauze zonse popanda kuwabaya ndi mawu, nawonso andiuze zawo. Pakuti usiku umene ine ndinkalira kuno ndinali ndi azimayi ondigwira mapewa, koma iwo ku Juba analira ndi ndani? Funso limeneli sindinadzifunsepo mpaka mwezi uno. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Lathuli silinaole, koma linathyoka, ndipo wolilumikiza ndinu nokha.

Tsiku limene tidzapite nawo kumanda, mudzatsogole ndinu. Adzaona chulu cha dothi ndi mtanda wathabwa, poti chiliza sitinamange, tinkadikira iwo. Miyendo yawo isadzafooke. Mdyerekezi asadzawanong'oneze kuti anasankha molakwa. Inu Yesu munalonjeza kuti wosiya nyumba, abale, alongo, amayi ndi atate chifukwa cha Uthenga Wabwino adzalandira zochuluka koposa. Mawu amenewo adzawagwirize pamandapo, ndipo pakamwa panga pasadzatuluke china chowafooketsa.

Ine ndalapa. Tsono inu abale anga, nanunso imvani. Mwayamba kale kulemba mndandanda. Wina foni, wina fizi, wina malata, wina thumba la feteleza, wina akuti amutengere mwana kunja. Manyazi bwanji! Abale athu a ku Joni obwera ndi ngolo yodzaza kumbuyo kwa galimoto timawatopetsa kale ndi zopempha, nanga munthu amene tikiti yake yomwe achita kusonkherana akhristu osauka ngati ife? Zaka zinayi simunawatumizire ngakhale moni, lero ndi “achimwene athu a kunja.” Kodi mudzawafunsa kuti ntchito ikuyenda bwanji? Kuti obatizidwa ndi angati, obwerera m'mbuyo ndi angati? Kuti mfuti zikalira usiku ana amawagoneka pati? Paulo ndi Barnaba atabwerera ku Antiokeya, mpingo unasonkhana kudzamva zimene Mulungu anachita, sunasonkhane kudzasuzumira m'zikwama. Ambuye, tidzudzuleni. Njala ya Disembala ndi yoona, ufa watha m'nyumba zambiri, nyanja anaitseka kuti chambo chiswane ndipo asodzi a makoka ali pamtunda, zonsezi mukuziona. Koma musalole umphawi wathu usandutse atumiki anu golosale. Tipatseni ifenso chopereka, ngakhale kambale ka usipa, ngakhale mango a boloma m'dengu, ngakhale chikho cha thobwa, kuti nawonso amve kukoma kolandira.

Apumitseni, Ambuye. Masiku ndi 15 okha, koma mipingo yowaitana kuti akalalikire ndi kufotokoza za ntchito yakwana kale isanu. Pamudzi pano ndiwo mwinimbumba, ndiye milandu yaunjikana: malire a munda wa malemu bambo, ukwati wa mwana wanga woyamba umene ukudikira mawu a amalume ake, mkangano wa ana a azakhali. Aliyense akuti adikire abwere. Ophunzira anu atabwera kuchokera kumene munawatuma, musanawapatse ntchito ina munawatengera padera kuti apumule pang'ono, poti analibe mpata ngakhale wa kudya. Chitaninso chomwecho. Pakhale tsiku limodzi lopanda kolala, lopanda guwa, lopanda mlandu, akhale pansi pa mtengo wa mango atavula nsapato, amayi ali pambali, adye nsima ya mgaiwa ndi utaka wootcha, kenako agone tulo ta masana ngati mwana. Apatseni nzeru yokana zina popanda kukhumudwitsa, ndipo ife mutipatse mtima womva akakana.

Alamu anga musawaiwale. Nawonso ali ndi makolo ku Balaka amene akuwerenga masiku ngati ife. Musalole mabanja awiri tikanganirane alendo ngati nyama ya pa ukwati. Mtima wanga ukufuna masiku onse 15 akhale kuno, koma dyera limenelo lithetseni.

Anawo, Ambuye. Wamng'onoyo anabadwira komweko, sanapondepo dothi la Malawi. Pakamwa pawo pali Chingerezi ndi Chiarabu cha ku Juba, Chichewa ndi cha “zikomo” ndi “ndili bwino” basi, Chiyao ndiye ayi ndithu. Anzawo asawaseke akalephera kutema nsima, asawatche alendo pakhomo pa agogo awo. Akati “azakhali” lilime likupotoka, ndidzavomere ndi mtima wonse. Atetezeni ku udzudzu wa nyengo ino, maneti ndachapa kale koma wolondera weniweni ndinu. Atetezeni ku madzi akumwa osawazolowera, ku likodzo akakafuna kusamba kunyanja, ku ng'ona za mu Shire. Ndipo chinenero chikawalekanitsa ndi agogo awo, mupeze njira yanu, kaya ndi nyimbo, kaya ndi kungotsamirana pamphasa, kuti akadzakula adzakumbukire kuti kunali gogo wina ku Mangochi amene ankawatchula maina usiku uliwonse pamaso panu.

Dalitsaninso anansi athu achisilamu, amene anabwera ndi ufa ndi nkhuni bambo atamwalira, pamene ena a mpingo womwe ankaopa kuponda pakhomo pathu. Nawonso akufunsa kuti abusa afika liti, poti anakulira limodzi, kuwedza limodzi. Kukumana kwawo kukhale kwa mtendere ndi ulemu.

Alipo ena pakati pathu amene awo sabwera chaka chino, viza yavuta, ndalama sizinakwane, kapena kumene aliko sikukutulukika. Akamva nthungululu kwa ife mtima wawo usawawe. Atonthozeni, ndipo ife mutikumbutse kuwapatulirako mbale.

Chotsala ndi chimene ndakhala ndikuchizemba, Atate. Pa 19 Disembala abwerera. Khirisimasi sadzadya nafe, chifukwa nkhosa za kumeneko zikudikira m'busa wawo pa tsikulo, ndipo alibe wina wozisiyira. Ndinakangana nanu pa ichi usiku wathunthu. Ndinati zaka zinayi mwakhala nawo, simungatibwereke masiku 6 owonjezera? Koma ndani ine, amene ndikukondwerera Mwana amene anasiya kwawo kumwamba kudzabadwira m'khola la eni? Ndagonja, Ambuye, ngakhale misozi sinaume. Mlendo ndi mame, ndikudziwa, koma kuti mwana wobadwa naye bere limodzi asanduke mame pakhomo pa amayi ake, zimapweteka. Akulu a mpingo wa ku Efeso analira pomuperekeza Paulo ku ngalawa, ndipo simunawadzudzule. Ifenso tidzalira pa depoti, mutilole. Koma tidzawamasule ndi mdalitso, asadzakwere ndege atasenza mlandu.

Amayi sindinawauzebe. Iwo akuganiza kuti mpunga akusankhawo ndi wa pa 25, mwana wawo ali pambali. Ndakhala ndikuti ndiwauza mawa, ndiwauza mawa. Mawa m'mawa, ndikawapatsa phala ndi mankhwala awo, ndiwauza ndithu. Mudzakhale pamphasa pomwepo, Ambuye, pakati pa iwo ndi ine. Mundipatse mawu, ndipo akatha, mugwire dzanja lawo ndinu.

M'dzina la Yesu Khristu, Ambuye ndi Mpulumutsi wathu, ndapemphera. Amen.