Mwana akasankha biomedical engineering, musamati walephera udokotala

Kuno ku Mzuzu mwana akakhoza bwino MSCE, makolofe timangodziwa njira ziwiri, udokotala kapena unamwino. Akati akufuna biomedical engineering nkhope zimagwa. Amalume amafunsa kuti, "Ndiye uzidzabaya jakisoni kapena ayi?" Akamva kuti ayi, basi, mwana wataya mapointi ake pachabe. Ine maganizo amenewa ndikuwakana, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutse, koma ayambe wamva kaye.

Ambiri timasokoneza zinthu ziwiri. Za ku labotale, kuyeza magazi ndi makhololo zija, ndi biomedical science, ndipo zimaphunzitsidwa pompano pa Mzuni ku Luwinga. Izi ndikunenazi ndi uinjiniya weniweni, wopanga ndi kukonza makina a m'chipatala. Mwana amayenera kutsika kummwera, ku MUBAS ku Blantyre, ija tinkaitcha Poly mpaka 2021, kapena ku MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014. Ndi zaka zisanu za masamu, fizikisi, zamagetsi ndi kulemba mapulogalamu a kompyuta, kuphatikizapo kuphunzira m'mene thupi la munthu limagwirira ntchito, chifukwa makina akewo amakalumikizidwa pa munthu wamoyo. Ndiye ngati mwana wanu amathawa masamu, musamukankhire kumeneko poti dzina lake likumveka lachipatala. Akalira chaka choyamba chomwe.

Tsono ntchito yake ndi yotani? Tengani concentrator, makina aja amakhala pambali pa bedi mu wodi ya ana, akulira chapansipansi usiku wonse. Mpweya umene tikupumawu uli ndi oxygen 21 peresenti yokha, wambiriwo ndi nitrogen. Makinawa amakoka mpweya wa m'chipindamo, n'kuupanikiza kudutsa m'timasilinda tiwiri todzaza ndi timibulu ta zeolite, timene timagwira nitrogen uja, ndipo wotuluka umakhala ndi oxygen yoposa 90 peresenti. Adani ake ndi fumbi ndi chinyezi. Nanga chinyezi cha Mzuzu mukuchidziwa, mvula yosakata ija, nkhungu ya m'mamawa, zovala kukhala pachingwe masiku osauma. Timibulu tija tikanyowa timafooka. Choopsa chake n'chakuti makinawo sazima ayi. Amalirabe, kampira ka pa geji kakuyandamabe, madzi a m'kabotolo akuchitabe thovu, gadiyani mtima uli m'malo kuti mwana ali pa oxygen, chonsecho umene ukulowa m'mphunomo watsala pang'ono kufanana ndi mpweya wamba. Ndi maso simungaone. Pamafunika munthu wobwera ndi choyezera, woti adziwe kuti vuto ndi sefa yotsekeka, kompuresa yotopa kapena timasilindato. Adokotala analemba bwino, anesi anamuika mwana bwino, koma popanda munthu ameneyu zonsezo zapita m'madzi.

Nthawi ina ndili gadiyani pa chipatala china kumpoto konkuno, ndinasuzumira m'kachipinda ka kuseri kwa wodi. Munali mulu wa makina, ena akadali ndi mapulasitiki ake, akangaude atamangamo nyumba. Bambo wina wogwira ntchito pamenepo anandiuza kuti ambiri anali mphatso zochokera kunja. Ena anapangidwira magetsi a ku America a 110 volts, pamene a ESCOM ndi 230, ndiye munthu anangolumikiza, utsi fuu. Ena anabwera opanda buku lake. Ena anangofa kachipangizo kamodzi kosapezeka m'dziko muno. Timathamangira kunena kuti zipatala zathu zilibe zipangizo, koma zina zilipo, zikungosowa mwini wake.

Ndipo si kukonza kokha. Makina a Pumani, othandiza ana obadwa masiku asanakwane kupuma, anapangidwa ndi a Rice University ya ku America pamodzi ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirirawo anagwiritsa ntchito timapampu ta m'matanki oweteramo nsomba za m'nyumba, ndi botolo la madzi. Kuya kwa paipi m'madzimo ndi kumene kumalamula mphamvu ya mpweya wotsegula mapapo a khanda. Nzeru zake n'zosavuta kumva, koma zinatheka chifukwa anthu anakhala mu nasale n'kuona mavuto athu: magetsi othimathima, ndalama zochepa, nesi mmodzi ana ambirimbiri. Ana athu amene anakulira m'mavuto omwewa angalephere bwanji kupanga zotere?

Sindikunamizani kuti ntchito ikudikira pakhomo. Boma lili ndi nthambi yosamalira zipangizo za m'zipatala, ija amati PAM, koma kulemba anthu ntchito m'boma tonse tikudziwa m'mene kumachedwera. Kuli makampani ogulitsa makinawa, kuli zipatala za mishoni, kuli mabungwe, koma mwana ayenera kudziwa kuti adzafunika kuthamanga. Ndipo amene adzapeze msanga ndi wodziwa kugwira ndi manja. Digiri ya munthu woopa kutsegula makina ilibe ntchito mu wodi. Ine wophunzira wa kosi imeneyi akabwera ku holide ndingakonde ndimuone mumsika, atakhala pa benchi ya okonza mafoni ndi ma TV, akuphunzira kuwotcherera waya ndi kuyeza ndi mita, osati kumangozungulira m'tauni ndi laputopu kumsana. Anyamata a pamsika aja sadziwa masamu ake, koma manja awo ndi akuthwa, ndipo wa ku yunivesite akadzichepetsa atolapo zambiri. Atsikananso chimodzimodzi, sikuludilaiva safunsa kuti wagwira ndani.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti masukulu onse awiri ali kummwera, ndiye ana athu akapita amakazolowera konko, atachimenti konko, ntchito konko. Chonsecho Mzuzu Central ndi imene imalandira odwala otumizidwa kuchokera ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Mzimba, Nkhata Bay mpaka ku Likoma. Makina akafa ku Chitipa, wokonza achokere ku Lilongwe, adutse Chikangawa, akwere mpaka kumalire, wodwala akudikira? Inu ophunzira ochokera kuno, nthawi ya atachimenti ikakwana pemphani kuti akutumizeni kwanu. Ku St John's, ku Ekwendeni, ku Embangweni, ku Livingstonia, konseko kuli makina ofuna manja anu. Ndipo akuluakulu a pa Mzuni, nkhani yoyambitsa kosi imeneyi kuno muiganizire, chipatala chachikulu chophunzirirapo chili pafupi pomwepa.