Achemwali anga sanaledzere

Lero ndapsa mtima ndipo ndinena. Timatuluka mumsika cha m'ma 10 koloko, tikufuna taxi ya ku Chibavi, achemwali anga anadzandira n'kugwira khoma. Bambo wina wa kabaza, wamkulu ndithu, imvi zili mbuu, akuti, "Mayi, kachasu wa m'mawa ameneyu?" Anzake onse kuseka. Achemwali sanayankhe kanthu. Anangondifinya dzanja, tomato n'kumwazika m'jumbo.

Sanaledzere. Mowa sanaulawepo chibadwire. Ali ndi multiple sclerosis, MS, ndipo aliyense amene akuyenda mokhotakhota sikuti wachokera ku shabini.

Asilikali a m'thupi tonse tinawamva nthawi ya ma CD4. Apa sikuti achepa ayi, agalukira mwini thupi. Asilikali ena otchedwa maselo a T ndi a B amabowola mpanda wotchinjiriza ubongo, akalowa amaitana anzawo ndi timauthenga totchedwa ma cytokine, kenako onse pamodzi n'kumakukuta myelin, chikuto chamafuta cha mitsempha ya mu ubongo ndi mumsana. Zili ngati waya amene khoswe wadya pulasitiki yake: babu imangophethira. Mutu ukuti "mwendo, ponda apa", uthenga ukufika mochedwa kapena osafika n'komwe. Kukatentha ngati dzuwa la Okutobala lino zimanyanya. Ndiye inu mukuti kachasu?

Choyambitsa chenicheni madokotala akali kufufuza, amatchula za kumtundu ndi kachilombo ka Epstein-Barr. Zimenezo n'zawo. Ine changa n'chakuti munthu sanaledzere. Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, anawafotokoza matendawa mu 1868, anthu oposa 2 miliyoni ali nawo padziko lapansi, ambiri ndi amayi ndipo amayamba ali ndi zaka 20 mpaka 40, koma kuno kwathu tikadali pa "waledzera". Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, bambo a kabaza inu.

Akadwala n'kupezako bwino, ena amati amanamizira. Dzulo amachapa, lero akukanika kunyamula kapu, ndiye akuti ulesi. Matendawa ndi mmene amachitira, amabwera n'kupita. Si ulesi, si mowa.

Nanunso achibale amene mumaimba foni usiku kuti analodzedwa, tipite nawo kwa asing'anga. Pamene timasonkha ya basi yokajambulitsa ubongo pa makina a MRI ku Blantyre, ulendo wa usiku wonse, mafoni anu onse anali ozima.