Tsidya lino ndi tsidya lija la Tweed: kuwedza salmon ku Scotland ndi ku England

Mukaima pa mlatho wa ku Coldstream, mtsinje wa Tweed ukuyenda pansi panu, kumbuyo kwanu ndi ku Scotland, kutsogolo ndi ku England. Madzi ndi amodzi, nsomba ndi zomwezo: salmon zimene zimaswedwa m'miyala ya kumtunda, n'kutsikira kunyanja yamchere kukanenepa, zina mpaka kufupi ndi Greenland, kenako n'kubwerera kudzaikira mazira mumtsinje womwe zidabadwira. Kwathu tinganene kuti khalidwe lake ndi ngati la mpasa zokwera mtsinje wa Bua kuchokera m'nyanja, ngakhale kuti mtundu wake ndi wosiyana. Ndakhala kumpoto kwa England zaka zingapo, ndawedzako mbali zonse ziwiri, ndipo chimene chimandikhudza ndi mmene mayiko oyandikana chonchi amasiyanirana pa funso limodzi: kodi mtsinje amauyang'anira ndani?

Ku Scotland boma silikufunsani laisensi yowedzera salmon. Mukamva zimenezi musafulumire kusangalala. Ufulu wowedza kumeneko ndi katundu, umagulidwa ndi kugulitsidwa ngati munda, ndipo ungakhale wa munthu wina pamene nthaka ya m'mbali mwake ndi ya wina. Mtsinje adaudula m'zigawo zimene eni ake amazitcha beat, ndipo mwini chigawo ndiye amagulitsa masiku, kwa asodzi owerengeka patsiku. Kuwedza popanda kalata ya chilolezo chake ndi mlandu. Pa zigawo zotchuka, monga Junction Pool ku Kelso pamene Teviot amathira mu Tweed, tsiku limodzi la nyengo yabwino limadya mapaundi mazanamazana.

Koma ndalama imeneyi imabwera ndi munthu, ndipo munthuyo ndiye mtima wa nkhani yonse. Amamutcha ghillie, ndipo pa Tweed ambiri amangoti wapabwato. Ntchito yake ili pa chigawo chimodzi chomwecho chaka ndi chaka. M'mawa amayang'ana msinkhu wa madzi ndi mtundu wake, n'kukuuzani dziwe loyambira. Amatsegula kabokosi ka nyambo zomangidwa ndi nthenga, n'kusankha yaikulu madzi akazizira, yaing'ono akaphwa. Amakukonzani kaponyedwe ka chingwe, makamaka kaja kadatenga dzina ku mtsinje wa Spey, kamene kamathandiza kuti mbedza isakole mitengo ya kumbuyo. Amadziwa mwala uliwonse umene nsomba imapumirapo. Amene adandiperekeza ine adandiimitsa malo amodzi nthawi yaitali, akungoti ndisunthe phazi limodzi lokha ndikaponya, ndipo nsomba idagwira pomwe adaloza ndi chala. Nzeru yotere simungaiwerenge pa intaneti. Salmon yaikulu koposa yogwidwa ndi ndodo ku Britain, yolemera makilogalamu pafupifupi 29, adaigwira Georgina Ballantine pa mtsinje wa Tay mu 1922, ndipo wopalasa bwato tsikulo adali bambo ake, amene ntchito yawo inali yomweyi.

Mwambo kumeneko ndi wolimba. Lamlungu salmon siiwedzedwa, ndipo ndi lamulo lenileni la dziko. Pa Tay nyengo imatsegulidwa pa 15 Januwale, anthu akuguba ndi zitoliro zawo mpaka kudooko, n'kuthira wisiki pa bwato loyamba.

Ku England khomo lake ndi lina. Mumayamba ndi laisensi ya Environment Agency, bungwe la boma loona za chilengedwe, ya tsiku, ya masiku 8 kapena ya chaka, ndipo nyengo ikatha mumayenera kunena nsomba zimene mwagwira, ngakhale mutakhala kuti simunagwire ndi imodzi yomwe. Chilolezo cha mwini madzi chimafunikabe, koma madera ambiri ali m'manja mwa makalabu a anthu wamba. Lamlungu mumawedza, zomwe kwa ife ogwira ntchito zamashifiti si nkhani yaing'ono. Woperekeza alipo, koma nthawi zambiri ndi munthu wodziimira payekha amene mumamulipira tsiku limodzi, lero ali chigawo ichi, mawa china.

Kunyada kwa England ndi mtsinje wa Tyne. M'zaka za m'ma 1950 zonyansa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi za ku Newcastle zidatseka pakamwa pa mtsinjewu moti salmon zidatsala pang'ono kutheratu. Madzi atayeretsedwa, komanso atamanga malo oswetsera nsomba ku Kielder polipira malo oikira mazira amene damu la kumeneko lidamiza, nsomba zidabwerera, ndipo lero Tyne ndiye amatsogola pa mitsinje ya salmon ya ku England. Ku Riding Mill, pa Tyne pomwepo, kuli makina owerenga nsomba zikamakwera. Nkhani imeneyi imandipatsa mphamvu, chifukwa amene adaukitsa mtsinjewu ndi boma ndi anthu wamba, ndipo munthu wamba angathe kukaima m'madzi ake.

Nanga njira yabwino ndi iti? Mtima wanga umagawikana. Sindikonda kuona maiwe abwino koposa akutsekedwa ndi mtengo, ngakhale kuti ku Scotland nakonso kuli makalabu a m'matauni otchipirapo. Komabe sindingakane kuti dongosolo lawo limaika munthu pamtsinje tsiku lililonse. Ghillie ndiye amayamba kuona nsomba zodwala, ukonde wa akuba usiku, madzi akasintha fungo. Eni zigawo amasonkha ndalama zoyendetsera mabodi a m'maboma, amene amalemba alonda a mitsinje. Laisensi ya ku England imatsegulira anthu ambiri, koma wogwira ntchito m'boma mmodzi sangadziwe dziwe lililonse ngati munthu amene wakalambira pa ilo.

Pa kuchepa kwa nsomba ndiye palibe wopambana. Mu Disembala 2023 bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN lidaika salmon za ku Great Britain m'gulu la zamoyo zomwe zili pangozi yakutha. Kuyambira 2016 Scotland imaika mitsinje yake m'magulu atatu, ndipo pa ya gulu lachitatu, kumene nsomba zachepa kwambiri, nsomba iliyonse iyenera kubwezedwa m'madzi. Ku England iliyonse yogwidwa lisanafike tsiku la 16 Juni imabwerera m'madzi. Kugulitsa salmon yogwidwa ndi mbedza n'koletsedwa mbali zonse. Kwa ife amene tidakula tikudziwa kuti nsomba ndi ndiwo, kubweza nsomba yonona kumapweteka poyamba. Koma ukaigwira m'madzi ozizirawo, mutu utaloza kumtunda, n'kumva mphamvu ikubwerera m'thupi mwake mpaka itapulumuka m'manja, umadziwa kuti ikupita kukaikira mazira.

Chimene ndimachilemekeza koposa ndi chimene adachita pamalire penipeni. Sadadule mtsinje pakati. Tweed yense, ndi timitsinje take ta ku England monga Till, ali pansi pa bungwe la River Tweed Commission ndi malamulo a mbali ya Scotland, choncho laisensi ya ku England siifunika kumeneko. Kumadzulo adachita mosinthanitsa: mtsinje wa Border Esk umatsata malamulo a England mpaka kumtunda kwake. Ndiye mukapita kukawedza mumtsinje umenewu ku Langholm, ngakhale kuti mapazi anu ali ku Scotland, yambani mwagula laisensi ya Environment Agency.