Anthu 36 asamasankhire anthu 100 mtsogoleri

Dzulo ku Park Station kuno ku Joni, tikudikira kukweza katundu wopita kumudzi, bambo wina wakwathu anandipsetsa mtima koopsa. Akuti lamulo la 50+1, loti wopambana pa chisankho cha pulezidenti ku Malawi azidutsa theka la mavoti, n'longowononga ndalama, tibwerere kwakale kuti amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, atenge mpando. Ndinangoti "ndamva bambo" chifukwa cha imvi zawo, koma mpaka pano mtima sunakhale pansi.

Kwakale kwake kuti? Mu 2014 Peter Mutharika analowa m'boma ndi mavoti 36 pa 100 alionse. Bingu mu 2004 anali cha pomwepo. Ndiye kuti mwa anthu khumi amene anaima pamzere dzuwa likuswa mtengo, asanu ndi mmodzi anasankha wina, koma anawalamulirabe zaka zisanu zathunthu. Chilungamo chake n'chiti pamenepa? Ochepa kusankhira ochuluka mtsogoleri! Mu 2019 zinabwerezanso, 38 pa 100, mapepala ali mbuu ndi Tippex, mpaka khoti linathetsa chisankhocho pa 3 February 2020 n'kunena kuti wopambana azidutsa theka. Inu mwaiwala kale?

Tonse tikudziwa kuti kwathu timavota poyang'ana chigawo. Kale munthu ankangogwira kwawo, otsutsa n'kugawikana patatu, basi wawina. Mutu umodzi susenza denga, bambo. Wofuna kulamulira Malawi apemphe voti ku Karonga, ku Dedza ndi ku Nsanje komwe, osati kwa amalume ake okha. Ochuluka akamukana, akhale pansi.

Ndipo ndalama zomwe mukulirazo zinawonongeka liti? Chibwerereni lamuloli, gawo lachiwiri la chisankho, lovotanso pakasowa wodutsa theka, silinachitikepo. Chakwera anadutsa 58 mu 2020, Mutharika yemwe uja anadutsa 56 mu 2025. Theka limatheka, ankangochita ulesi chifukwa lamulo linkawalekerera.

Chinanso chondinyansa: bambo aja ndi ine tonse sitinavote n'komwe. Anzathu eni dziko a kuno ku Joni akakhala ku London amavota ku ofesi ya kazembe wawo. Ife mwezi ndi mwezi tikutumiza ndalama za feteleza, za fizi, za maliro, koma voti ayi. Ukwere basi masiku awiri kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete kukalembetsa, ubwerere kuntchito, udzakwerenso kukavota. Bwana wake uti angakupatse tchuthi kawiri?