Chiwerengero cha 93 peresenti chikufunika kuchiona bwino

Nkhani ina imene ndawerenga yanena kuti 93 peresenti ya uthenga umene timapatsana imadutsa m'maonekedwe a nkhope ndi kamvekedwe ka mawu, pamene mawu enieniwo amanyamula 7 peresenti yokha. Chiwerengerochi chinachokera ku kafukufuku wa mu 1967 wa katswiri wa za maganizo a anthu, Albert Mehrabian, momwe anthu ankamvetsera liwu limodzi lokha, kenako n'kunena ngati wolankhulayo akusonyeza chikondi kapena ayi. Mehrabian mwini wake anachenjeza kuti zotsatirazo zimagwira ntchito pokhapokha munthu akamafotokoza za mumtima mwake, makamaka pamene mawu ndi nkhope zikutsutsana. Zikanakhala zoona pa nkhani iliyonse, bwenzi tikumva bwinobwino filimu ya m'chinenero chimene sitichidziwa.

Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti mlembi wa nkhani ija wati munthu wopewa kuyang'ana mnzake m'maso amakhala akubisa kanthu. Kwathu kuno munthu woleredwa bwino amayang'ana pansi polankhula ndi agogo ake kapena apongozi ake, ndipo kuwayang'anitsitsa kumaonedwa ngati mwano. Mphunzitsi kapena wolemba ntchito wokhulupirira mfundo imeneyo akhoza kumuyesa wabodza mnyamata amene akungopereka ulemu.