Ku Death Valley, osokera ndi amene amatchuka

Pali chinthu chimandiwawa ndikamawerenga mbiri ya Death Valley, chigwa chotentha chija cha ku California, malo amene pa 10 July 1913 kutentha kunafika madigiri 56.7 pa Furnace Creek. Nkhani yake anthu amaiyambira pa gulu la azungu lomwe linasokera kumeneko mu December 1849 likuthamangira golide, ngati kuti iwowo asanafike kunalibe munthu.

Sindikunyoza mavuto awo ayi, anavutikadi. Ankaopa chipale chofewa cha m'mapiri a Sierra Nevada ndiye anakhulupirira mapu olonjeza njira yachidule, mapeto ake madzi kutha, ng'ombe kuwonda, ena mpaka anawotcha ngolo zawo kuti apeze nkhuni zowambira nyama ya ng'ombe zomwe zimakoka ngolozo. Anyamata awiri, William Manly ndi John Rogers, anayenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kukafuna chakudya ndipo anabwereradi kudzatenga mabanja omwe anawasiya pa kasupe, patatha pafupifupi mwezi. Amenewo ndimawavulira chipewa, munthu wina akanangopitirira ulendo wake. Koma kusokera si kufufuza abale. Anthuwa chomwe ankafuna ndi kutulukamo basi.

Ine amene ndimaona kuti anagwira ntchito yeniyeni ndi a 1891, gulu lomwe unduna wa zaulimi wa boma la America unatumiza pansi pa C. Hart Merriam. Awa anakhala miyezi, kutchera mbewa ndi makoswe usiku, kusenda zikopa m'mawa, kulemba kapepala pa kanyama kalikonse kuti kagwidwa pati komanso pamtunda wokwera bwanji, kupanikiza masamba pakati pa mapepala kuti aume bwino. Ntchito yotopetsa yopanda wokuombera m'manja. Funso lawo linali lakuti bwanji zomera ndi nyama zimasintha ukamakwera, poti pa Badwater, pamalo otsika kwambiri m'chigwachi, uli mamita 86 pansi pa mulingo wa nyanja, pamchere pokhapokha, koma ukakweza maso ukuona phiri la Telescope Peak lopitirira mamita 3,300 lomwe lili ndi mitengo ya paini. Frederick Coville, mnyamata wa zaka za m'ma 20 yemwe ankayang'anira za zomera, anatulutsa lipoti lake mu 1893 ndipo akatswiri amalitsegulabe mpaka lero.

Chimene ndimamukondera Coville nchakuti anakhala pansi n'kuyang'ana mmene eni dera ankadyera, n'kulemba. Chifukwa a Timbisha Shoshone analipo kalekale, ndipo chigwacho kwa iwo chinali mudzi. Nthawi yozizira ankakhala pansi pafupi ndi akasupe, kukayamba kutentha amakwera m'mapiri a Panamint, kenako n'kukolola mtedza wa paini asanatsikenso. Mtengo wa mesquite umabereka nyemba zotsekemera, azimayi ankazisinja mumtondo wamtengo ngati mmene timasinjira chimanga kwathu kuno, ufa wake n'kuumba zibumu zolimba zosungika miyezi. Mitengoyo ankaisadzira ndi kulambula pansi pake. Ndiye tangoganizani, azungu aja akufa ndi njala m'chigwa chomwe eni ake ankapezamo chakudya.

Zomwe zinatsatira ndi zomwe zimandikwiyitsa zenizeni. A migodi ya borax, mchere woyera wogwiritsidwa ntchito popanga sopo ndi magalasi, anafika m'ma 1880 ndi ngolo zawo zokokedwa ndi nyulu 18 ndi akavalo awiri n'kutenga akasupe abwino. Mu 1933 boma linalengeza kuti malowo ndi otetezedwa, mu 1936 eni ake n'kuwapanikiza pa kamalo ka maekala 40 ku Furnace Creek, ndipo patsogolo pake nyumba zawo zadothi zinkagumulidwa ndi madzi a m'mapaipi anthu akapita kumapiri nthawi yotentha, ati nzosiyidwa. Ulendo womwe unawapulumutsa zaka mazanamazana ndi womwe unakhala chifukwa chowagwetsera nyumba! Malo awo anadzawabwezera mwalamulo mu 2000, maekala pafupifupi 7,500, padutsa zaka 67.

Ndiye mukamauza ana za ofufuza a m'chipululu chimenechi, Manly mutchuleni, palibe vuto. Koma muyambe ndi mayi amene ankadziwa kasupe uti ndi wakumwa, uti ndi wamchere, kenako Coville ndi kope lake, osokerawo abwere pambuyo.