Khonsolo ya yunivesite izifunsa mafunso, isamangosayina

Ophunzira akayamba zionetsero pa nkhani ya fizi, dzina lomwe limamveka m'nyimbo zawo ndi la Vice Chancellor, mkulu woyendetsa yunivesite. Aphunzitsi akanyanyala ntchito, wotukwanidwa pa Facebook ndi yemweyo. Koma anthu amene anamulemba ntchito bwanayu, amene anavomereza bajeti yokweza fiziyo, amenenso ali ndi mphamvu yomuchotsa, ambirife sitiwadziwa ngakhale mayina. Ndikunena a khonsolo, kwina amati bodi.

Ntchito yawo ndi yodziwika. Amasankha Vice Chancellor, kumuunika chaka ndi chaka, ndipo akalephera amamuchotsa. Bajeti, fizi, ngongole zikuluzikulu, kugulitsa kapena kubwereketsa malo a sukulu, zonsezi zimadutsa m'manja mwawo. Lipoti la ma auditor, akatswiri ofufuza momwe ndalama zayendera, limafikira kwa iwowo. Za maphunziro zili ndi eni ake, a Senate, bungwe la akuluakulu a zamaphunziro pa sukuluyo: kosi iphunzitsidwe motani, wakhoza ndani, walephera ndani. Membala wa khonsolo woimbira foni Registrar kufunsa za magiredi a mwana wa mnzake wadumpha malire, ngakhale atalankhula mwaulemu chotani.

M'mayiko ambiri, mamembala ochuluka a khonsolo amachokera kunja kwa sukulu. Ku South Africa lamulo la maphunziro apamwamba la 1997 limanena kuti osachepera 60 pa 100 alionse akhale anthu omwe si ogwira ntchito kapena ophunzira pa sukuluyo. Chifukwa chake n'chomveka: munthu amene kukwezedwa kwake pantchito kukudalira Vice Chancellor sangamupanikize ndi funso lowawa.

Chaka cha 2012 ku America chinaonetsa momwe bodi ingalakwire. Ku University of Virginia, wapampando wa bodi Helen Dragas analankhula ndi mamembala mmodzimmodzi mwakachetechete, kenako pa 10 June kunamveka kuti mtsogoleri wa sukuluyo, Teresa Sullivan, watula pansi udindo asanathe ndi zaka ziwiri zomwe. Bodi yonse sinakhale pansi kuvota, ndipo chifukwa chomwe anapereka poyamba chinali chakuti akusiyana kaganizidwe, basi. Aphunzitsi ndi ophunzira anakana kwamtuwagalu. Pa 26 June bodi yomweyo inavota kumubwezera pampando, popanda wotsutsa ndi mmodzi yemwe. Mphamvu yochotsa mtsogoleri anali nayo, palibe anakana zimenezo. Chinawagwetsa n'kuchitira zinthu mumdima.

Mwezi wotsatira, mu July, kunatuluka lipoti la Louis Freeh, mkulu wakale wa FBI (bungwe la boma la America lofufuza milandu), lokhudza yunivesite ina ya ku America komweko, Penn State, komwe Jerry Sandusky, yemwe anali mmodzi wa makochi a timu ya mpira, anapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra ana aamuna. Lipotilo linadzudzula akuluakulu a sukulu, koma bodi nayo silinaisiye: linati inalephera kuyang'anira, inangodalira zomwe akuluakuluwo anasankha kuiuza.

Ine pa ziwirizi chomwe chimandiopsa kwambiri ndi chachiwirichi. Khonsolo yolowerera imachita phokoso, anthu amadzuka n'kuiletsa, ngati zinachitikira ku Virginia m'masabata ochepa chabe. Yogona simveka. Imatha zaka ikuoneka yamtendere, aliyense akuiyamikira kuti imagwirizana bwino ndi akuluakulu a sukulu, kufikira tsiku lomwe malipiro a aphunzitsi asowa kapena nyumba yogona ophunzira yaima pa maziko ndalama zitatha.

Taganizirani msonkhano wake. Mpukutu wa mapepala wafika usiku woti mawa kuli msonkhano. Membala akutsegula tsamba loyamba atakhala kale pampando. Mkulu wa zachuma akuonetsa manambala pakhoma mothamanga, mzere wa ngongole zomwe sukulu sinalipire wadutsa ngati mphezi. Wapampando akufunsa ngati pali funso. Zii. “Tavomereza.” Kenako kusayina pepala la alawansi. Palibe waba, palibe wanama, komabe ntchito yomwe anaitaniridwa sinagwirike. Funso limodzi lokha, lakuti “Ndalama za penshoni zomwe timadula pa malipiro a antchito tinazipereka kumene ziyenera kupita?”, likanatha kuvundukula zambiri.

Nkhani ya wosankha mamembala nayo ndi yovuta. M'masukulu a boma ambiri amaikidwa ndi andale; ku Virginia komweko amawasankha ndi gavanala. Sindikuona cholakwa kuti boma lomwe likupereka ndalama likhale ndi mawu. Koma munthu akangokhala pampando umenewu, bwana wake ndi yunivesite, osati amene anamupatsa kalata. Tsiku lomwe nduna yakwiya ndi zomwe mphunzitsi wanena m'kalasi kapena walemba mu kafukufuku, khonsolo ndiyo iyenera kuima pakati n'kunena kuti nkhani imeneyi ili ndi njira yake. Ikakhala yoyamba kulemba kalata yomuchotsa, aphunzitsi ena onse amva, ndipo ayamba kusankha mawu m'kalasi.

Zomwe ndingafune ine si zodula. Mayina a mamembala ndi ntchito zawo zikhale poyera pa webusayiti ya sukulu. Mfundo zomwe amanga pa msonkhano zizifalitsidwa, kupatula zokhudza munthu payekha. Yemwe kampani yake ikufuna kontirakiti pa sukuluyo anene, atuluke panja nkhaniyo isanayambe. Komiti yoona za chuma izikumana ndi ma auditor Vice Chancellor palibe, kamodzi pachaka n'kokwanira, kuti alankhule momasuka. Ndipo woimira ophunzira asamapemphedwe kuti “atipatseko mpata pang'ono” nthawi yokambirana fizi ikakwana, chifukwa ndi nkhani yomwe anzake anamutumira.